Kusankha zida za kompyuta youlutsira ndege pa simulator

Funso lomwe ndimalandira kawirikawiri ndi lakuti: "Ndalama ndasunga, ndigule graphics card iti kuti Flight Simulator iziyenda bwino?" Ndaliyankha mokwanira, choncho ndalilemba pano kamodzi. Vuto la funsoli ndi lakuti limayambira pakati. Pa magemu ambiri, mukagula khadi lamphamvu nkhani yatha. Simulator ya ndege siitero. Mungathe kuwononga ndalama zambiri pa RTX 5090, kenako n'kupeza kuti ndege ikunjenjemera potera pa Heathrow chimodzimodzi ngati kale, chifukwa chomwe chimakuchedwetsani sichinali khadi ayi. Malangizowa atsatidwe m'dongosolo lomwe ndawaikamo, chifukwa chisankho chilichonse chikudalira chomwe chabwera patsogolo pake.

1. Lembani kaye zomwe mudzaziulutsa ndi pomwe mudzaziyang'anira

Musanayang'ane mtengo wa chida chilichonse, yankhani mafunso anayi papepala. Simulator iti? Ndege zanji? Mabwalo a ndege ati? Sikirini yotani?

Masimulator akuluakulu ndi atatu, ndipo salemetsa kompyuta mofanana. Microsoft Flight Simulator 2024 (MSFS 2024), yomwe inatuluka mu Novembala 2024 ndipo inapangidwa ndi Asobo Studio, imakoka mbali yaikulu ya dziko ndi ndege zina kudzera pa intaneti pamene mukuuluka. X-Plane 12 ya Laminar Research imasunga dziko pa disiki yanu, ndipo mukayamba kuikamo zithunzi zenizeni za nthaka kudzera mu Ortho4XP, malo amatha ngati madzi. DCS World ya Eagle Dynamics, ya ndege zankhondo, imadya RAM kwambiri makamaka pa mapu akuluakulu ngati a Syria mukamauluka ndi anthu ena.

Ndege nazo zimasiyana. Cessna 172 ikunyamuka pa Chileka, pomwe pali nyumba zochepa ndiponso palibe ndege zambiri, ndi ntchito yopepuka kwa kompyuta iliyonse yapakatikati. Fenix A320 kapena PMDG 777 itaima pa O.R. Tambo kapena Heathrow yogula ngati chowonjezera cha simulator, kuli ndege zina makumi angapo za VATSIM (netiweki ya pa intaneti ya anthu oulutsa ndi oyang'anira ndege), pulogalamu yowonjezera ya GSX ikukweza anthu ndi katundu, ndi nkhani ina. Ngati mumauluka mtundu wachiwiriwu, muzigula zida zoti zipirire mphindi khumi zoyipitsitsa za ulendo, zomwe ndi pochoka pa geti ndi potera. Muli m'mwamba pa mafiti 37,000 kompyuta iliyonse imaoneka yamphamvu.

2. Pezani chomwe chikukuchedwetsani

Ili ndi gawo lomwe malangizo ambiri amalidumpha, koma ndi lomwe limakuuzani kopita ndalama. Ngati muli kale ndi kompyuta yomwe simulator imatha kuyendapo ngakhale movutikira, chitani izi musanagule kanthu. Ngati mulibe, werenganibe, chifukwa mudzazichita tsiku lomaliza kumanga.

Chithunzi chilichonse chomwe mumaona pa sikirini chimadutsa m'manja awiri. Purosesa (CPU) imawerengera kauluke ka ndege, makina a m'kati mwake, malo a ndege zina, magalimoto, nyumba ndi mitengo yoti ioneke. Ikatha imapereka ntchitoyo kwa graphics card (GPU) kuti ijambule. Yemwe wachedwa pa awiriwa ndi amene amalamula liwiro. Tsono m'masimulator ambiri, ntchito yaikulu ya purosesa imadutsa mu mzere umodzi womwe amautcha main thread. Ngakhale purosesa ikhale ndi ma core (tizigawo take togwira ntchito) 16, ntchito ya mzerewu imagwiridwa ndi core imodzi pa nthawi. Zili ngati chigayo chokhala ndi anyamata ambiri onyamula matumba koma pothirira chimanga pali pamodzi: kuwonjezera anyamata sikufulumizitsa ufa. MSFS 2024 ndi DCS yatsopano zinayesetsa kugawa ntchitoyi ku ma core ena, ndipo zinathandizadi, koma pa bwalo lodzaza mzere umenewu ndiwo umayambabe kudzaza.

Kuti muone nokha, mu MSFS yatsani Developer Mode m'masetingi, kenako pa mndandanda womwe utulukire pamwamba sankhani Debug ndi Display FPS. Kabokosi katuluka pakona kolemba kuti "Limited by MainThread" kapena "Limited by GPU", ndipo pansi pake pali nthawi yomwe chilichonse chikutenga m'ma millisecond. Mu X-Plane pitani ku Data Output n'kuyatsa Frame rate. Muona cpu time ndi gpu time zili pafupi. Mu DCS dinani Ctrl ya kumanja pamodzi ndi Pause.

Phunzirani kuwerenga ma millisecond (ms) m'malo mwa fps, chomwe ndi chiwerengero cha zithunzi pa sekondi. Kuti mupeze 60 fps, chithunzi chilichonse chiyenera kutha mu 16.7 ms. Pa 30 fps ndi 33.3 ms. Tiyerekeze kuti kabokosi kakuonetsa main thread pa 30 ms ndipo GPU pa 15 ms. Mukupeza pafupifupi 33 fps, ndipo khadi lanu likukhala theka la nthawi likudikira. Mukagula khadi lamphamvu kawiri, GPU itsikira pa 8 ms, main thread ikhalabe pa 30 ms, inu mukhalabe pa 33 fps. Ndalama zapita, palibe chasintha. Zikatembenuka, GPU pa 30 ms ndi main thread pa 15 ms, ndiye kuti khadi latsopano likhoza kukufikitsani pafupi ndi 60 fps popanda kukhudza purosesa.

Kuyesaku kuchitike pamalo oyenera. Tengani ndege yanu yolemera kwambiri, iikeni pa geti ya bwalo lolemera kwambiri lomwe mumagwiritsa ntchito, yatsani makina onse a m'ndege, yatsani ndege zina, ikani nyengo ya mitambo yambiri, ndipo dikirani mphindi ziwiri kuti zonse zikhazikike. Lembani manambala. Kenako sinthani chinthu chimodzi pa nthawi. Tsitsani render scaling kufika theka: fps ikakwera kwambiri, khadi ndilo linkachedwa, ikapanda kusuntha, ndi purosesa. Bwezerani, kenako tsitsani Terrain Level of Detail kuchoka pa 200 kufika pa 100: fps ikalumpha, mwatsimikiza kuti ndi purosesa, chifukwa setingi imeneyi imachulukitsa zinthu zomwe main thread iyenera kuwerengera.

Pali vuto lachitatu lomwe limabisala kumbuyo kwa awiriwa. Tsegulani Task Manager, pitani pa Performance, sankhani GPU, n'kuyang'ana Dedicated GPU memory. Ikadzaza mpaka pakamwa ndipo Shared GPU memory yayamba kukwera, khadi lasowa malo ndipo layamba kubwereka RAM ya kompyuta, yomwe imachedwa kwambiri kuifikira. Zizindikiro zake n'zodziwika: fps imaoneka yabwino mukayang'ana kutsogolo, koma mukatembenuza mutu chithunzi chimadukaduka, kapena fps imagwa mwadzidzidzi pamene mukuyandikira bwalo pambuyo pa ulendo wautali. Apa mankhwala si khadi lothamanga kwambiri koma khadi la VRAM yambiri, ndiko kuti memore ya pa khadi pomwepo. Anthu ambiri amasokoneza ziwirizi.

3. Purosesa

Popeza main thread ndiyo imayamba kudzaza, mukufuna purosesa yomwe core imodzi imamaliza ntchito msanga, osati ya ma core ambirimbiri. Pa simulator, zomwe zaonetsa mphamvu mobwerezabwereza ndi mapurosesa a AMD okhala ndi X3D kumapeto kwa dzina. Ali ndi cache yowonjezera, kamemore kothamanga kwambiri kokhala pa purosesa pomwepo. Ryzen 7 9800X3D ndi 7800X3D zonse zili ndi ma core 8 ndi 96 MB ya L3 cache. Simulator imafunsa tizidutswa tambirimbiri ta deta mobwereza, ndipo tikapezeka mu cache purosesa siidikira RAM. Kumeneko n'komwe kumachokera phindu.

Kwa anthu ambiri yankho ndi 9800X3D, ndipo sindiona chifukwa cholizungulira. Ndalama zikachepa, 7800X3D ikadali yabwino ndipo imalowa pa socket yomweyo ya AM5. Ryzen 9 9950X3D ili ndi ma core 16 ogawidwa m'magulu awiri, ndipo gulu limodzi lokha ndilo lili ndi cache yowonjezera. Imadalira chipset driver ya AMD ndi Xbox Game Bar ya Windows kuti gemu ipite ku gulu loyenera. Zikayenda bwino imafanana ndi 9800X3D pa simulator, ndiye igulidwe ndi munthu amene kompyuta yomweyo amakonzeranso mavidiyo kapena ntchito zina zolemera. Kungoigulira ndege n'kulipira ma core omwe azingokhala.

Ngati mwapeza Intel ya m'badwo wa 13 kapena 14, monga i7-14700K kapena i9-13900K, pa mtengo wabwino, dziwani kuti mapurosesa amenewa anali ndi vuto la voteji lomwe linkawawononga pang'onopang'ono, ndipo Intel inatulutsa microcode yokonza vutoli mu 2024. Yatsopano ikani BIOS (pulogalamu ya pa motherboard) yaposachedwa tsiku loyamba. Yogwiritsidwa kale ntchito ipeweni, chifukwa yomwe inawonongeka kale siichira ndi BIOS.

4. RAM: 64 GB, timitengo tiwiri

Microsoft yomwe inalemba kuti MSFS 2024 imafuna 16 GB pochepetsetsa, 32 GB kuti iyende bwino, ndi 64 GB pa kompyuta yapamwamba. Onjezerani ndege yogula, bwalo logula, Navigraph ya mapu a oyendetsa ndege, SimBrief yokonzera ulendo pa browser, ndi pulogalamu yolumikizira ku VATSIM, mupeza kuti 32 GB yayamba kuthina. Pa DCS ndi anthu ambiri, 64 GB ndi pomwe mtima umakhala m'malo.

Cholakwika chofala chili pa kagulidwe. Gulani paketi imodzi ya timitengo tiwiri ta 32 GB, DDR5-6000 ya CL30, yolembedwa kuti EXPO (setingi yoti RAM iziyenda pa liwiro lomwe lalembedwa pa paketi). Musagule tinayi ta 16 GB, ndipo musagule 32 GB lero ndi maganizo owonjezera tina tiwiri chaka chamawa. Pa AM5, mipata inayi ikadzaza, memory controller imalephera kusunga liwiro ndipo nthawi zambiri RAM imatsika kwambiri, mwina mpaka 3600, kapena kompyuta imayamba kuzima yokha mkati mwa ulendo. Ngakhale mapaketi awiri a dzina limodzi sakhala ofanana ndendende m'kati. Mukufuna zambiri? Pali mapaketi a timitengo tiwiri ta 48 GB.

Timitengoto tilowe mu mpata wachiwiri ndi wachinayi kuchokera pa purosesa, womwe mabuku a motherboard amautcha A2 ndi B2. Mukamaliza lowani mu BIOS n'kuyatsa EXPO, apo ayi RAM yanu ya 6000 iziyenda pa liwiro lotsika lomwe imabwera nalo. Ndipo musazimitse pagefile ya Windows, malo a pa disiki othandizira RAM, poganiza kuti RAM yachuluka. Masimulator ena amagwa ikasowa.

5. Graphics card: werengani mapikiselo, kenako VRAM

Tsopano tafika pa funso lomwe munabwera nalo, ndipo yankho lake lili pa sikirini yomwe munalemba pa gawo loyamba. Sikirini ya 2560x1440 ili ndi mapikiselo pafupifupi 3.7 miliyoni. Yotambalala ya 3440x1440 ili ndi pafupifupi 5 miliyoni. Ya 4K ili ndi 8.3 miliyoni. Masikirini atatu a 1440p pamodzi ndi 11 miliyoni, kuposa 4K. VR, ya magalasi ovala kumaso, imapitirira apo, chifukwa imajambula diso lililonse palokha, pa resolution yokulirapo kuposa ya magalasiwo, ndipo imafuna liwiro losagwedezeka kuti mutu usazungulire.

Pa 1440p ndi sikirini yotambalala imodzi, khadi la 16 GB ngati RTX 5070 Ti kapena Radeon RX 9070 XT likukwanirani, ndipo pa mabwalo olemera purosesa ndiyo izikuchedwetsanibe. Pa 4K imodzi, RTX 5080 ili ndi mphamvu, koma nayonso ili ndi 16 GB yokha, yomwe imatha kudzaza mukaika ma texture pa Ultra pamodzi ndi ndege ndi bwalo zogula. Pa masikirini atatu ndi VR yapamwamba, makhadi oyenera ndi a VRAM yoposa apo: RTX 4090 ya 24 GB, RX 7900 XTX ya 24 GB, kapena RTX 5090 ya 32 GB. Khadi la 8 GB lisalowe m'nkhaniyi ngakhale wogulitsa alitamande bwanji. La 12 GB limayenda, koma muzikhala mukutsitsa ma texture, zomwe si cholinga cha kompyuta yomwe mukumangayi.

Pa frame generation ndinene mosabisa. Njirayi imaika zithunzi zopeka pakati pa zenizeni, ndipo pa simulator imathandiza kuposa pa magemu ambiri, chifukwa imadutsa malire a main thread: 35 fps imaoneka ngati 70. Koma imadya VRAM yowonjezera, ndipo siichotsa kudukaduka komwe kulipo kale. Mukayambira pa 20 fps zotsatira zake sizisangalatsa. Komanso musaiwerengere pa VR. DLSS, njira ya Nvidia yokweza resolution, ili ndi vuto lake kwa oyendetsa ndege zikuluzikulu: manambala osinthasintha a liwiro ndi kutalika pa masikirini a m'cockpit nthawi zina amasiya mthunzi. Mitundu yatsopano ya DLSS yachepetsa vutoli, komabe ambiri amabwerera ku TAA, njira wamba yosalaza chithunzi, kuti zida ziziwerengeka bwino, ndipo TAA imafuna khadi lamphamvu. Muziganizira zimenezi posankha.

Kwa ofuna VR: HP Reverb G2 yomwe inali yotchuka pakati pa oulutsa ndege imadalira Windows Mixed Reality, yomwe Microsoft inaichotsa mu Windows 11 24H2, ndiye musathamangire yotchipa ya pa msika wa zogwiritsidwa kale. Meta Quest 3 imalandira chithunzi chopanikizidwa kudzera pa USB kapena Wi-Fi, pomwe Pimax Crystal imalumikizidwa pa DisplayPort mwachindunji ndipo imafuna khadi lamphamvu zedi. Ngati simunavalepo VR kwa ola lathunthu, yesani ya mnzanu musanamange kompyuta yonse mozungulira chinthu chomwe mwina chikuchititsani nseru. TrackIR, kachida kotsata momwe mutu ukutembenukira, pa sikirini yaikulu imapereka gawo lalikulu la ufulu woyang'ana uku ndi uku pa mtengo wochepa kwambiri.

6. Motherboard, USB ndi SSD

Motherboard siiwonjezera fps. B650 kapena B850 yabwino imayendetsa 9800X3D mofanana ndi X870E ya mtengo kawiri. Yang'anani zinthu zitatu basi. Ikhale ndi BIOS Flashback, batani lolola kuika BIOS yatsopano popanda purosesa, chifukwa B650 yomwe yakhalitsa m'sitolo ikhoza kusaidziwa 9800X3D. Werengani buku lake kuti muone ngati mpata wina wa M.2 umalanda njira za PCIe za graphics card, chifukwa pa ma board ena mukaika SSD pamenepo khadi limatsika kuchoka pa x16 kufika pa x8. Chachitatu, werengani ma USB a kumbuyo.

Oulutsa ndege amadya ma USB kuposa anthu ena onse. Yoke, throttle, ma pedal, TrackIR, mapanelo awiri kapena atatu, headset, kiyibodi ndi mbewa, mwafika kale pa khumi. Gulani USB hub yokhala ndi adaputala yakeyake ya magetsi ya mapanelo ndi throttle. Hub yopanda magetsi ndiyo imachititsa kuti throttle izimiririka pakati pa ulendo. VR ilowe mwachindunji kumbuyo kwa kompyuta. Mu Windows zimitsani USB selective suspend m'masetingi a magetsi.

Pa SSD, NVMe ya PCIe 4.0 ya 2 TB ndi poyambira. Ya PCIe 5.0 imatentha ndi kudula popanda phindu lomwe mungalione mu simulator. Ngati mukufuna DCS ndi mapu ake angapo, kapena zithunzi za nthaka za X-Plane, ikani yachiwiri ya 2 TB kapena 4 TB ya simulator yokha. Hard disk yozungulira isunge zithunzi za banja, osati mabwalo a ndege.

7. Power supply, bokosi ndi kuziziritsa

Werengani motere. RTX 5090 imakoka mpaka 575 W, RTX 4090 450 W, RTX 5080 360 W, RTX 5070 Ti 300 W. Pa 9800X3D ikani 160 W, ndipo zina zonse pamodzi 100 W. Ndi 5090 mwafika pafupifupi 835 W, choncho 1000 W ndi pochepetsetsa ndipo 1200 W ndi yabwinopo. Ndi 5080 kapena 5070 Ti, 850 W yabwino ikukwana. Sankhani ya ATX 3.1 yokhala ndi chingwe chakechake cha 12V-2x6, kuti musagwiritse ntchito adaputala ya michira itatu kapena inayi.

Chingwe chimenechi chili ndi mbiri ya kusungunuka, ndipo nthawi zambiri chiyambi chake ndi kusalowa bwino. Kankhani mpaka mumve kulira, kenako yang'anani ndi tochi kuti pasakhale mpata pakati pa pulagi ndi khadi, mbali zonse ziwiri, ku khadi ndi ku power supply. Musachipinde pafupi ndi pulagi. Chisiyeni chowongoka masentimita atatu kapena anayi. Apa ndi pomwe bokosi limakhudzidwa: makhadi akuluakulu amafika masentimita 33 mpaka 36 m'litali ndipo ndi otambalala, kotero bokosi lopapatiza limakanikiza chingwecho ndi galasi la m'mbali. Yezani zonse ziwiri, utali ndi mulifupi. Ndipo musasakanize zingwe za ma power supply osiyana ngakhale zikulowa, chifukwa mawaya a m'kati sakhala pa dongosolo limodzi ndipo mukhoza kupsereza SSD kapena khadi.

Bokosi likhale la mauna kutsogolo, mafani atatu olowetsa mpweya ndi imodzi kapena ziwiri zotulutsa, kuti mpweya wolowa uchuluke ndipo fumbi lizidutsa m'masefa m'malo molowera m'ming'alu. Kwa ife okhala kumene Okutobala amatentha ndipo fumbi la chilimwe limalowa paliponse, masefawo atsukidwe mwezi ndi mwezi, ndipo kompyuta ichoke pansi ikwere patebulo. Purosesa ya 9800X3D siivuta: cooler ya mpweya ya nsanja ziwiri ngati Thermalright Peerless Assassin 120 kapena Noctua NH-D15 imakwanira. Ya madzi imaoneka bwino, koma pampu yake ikafa muli kutali ndi komwe munagula, mukhala masabata osauluka, pomwe fani wamba mumaipeza m'tauni tsiku lomwelo. Chotsani kapulasitiki ka pansi pa cooler musanaimange.

8. Magetsi a pakhoma ndi intaneti

Malangizo olembedwa ku Ulaya ndi ku America sakhudza izi chifukwa kumeneko savutika nazo kwambiri. Kwathu, kompyuta ya mtengo wotere yopanda chitetezo ndi kutchova njuga. Ulendo wa pa simulator ukhoza kutenga maola asanu, ndipo magetsi akazima mwadzidzidzi simutaya ulendo wokha. Akamabwerera ndi pomwe zida zimapsa.

Gulani UPS, chida cha batire chogwirizira kompyuta magetsi akazima, ya pure sine wave. Ma power supply amakono ali ndi active PFC, ndipo ena amazima pomwe UPS yotchipa ya modified sine wave yayamba kugwira ntchito. Samalani ndi manambala: VA si W. UPS yolembedwa 1500 VA nthawi zambiri imapereka 900 W kapena 1000 W basi. Onkhetsani kompyuta, masikirini ndi rauta, ndipo musiye malo owonjezera. Kompyuta ya 5090 ikufuna 2000 VA kupita m'mwamba. UPS yotere imakupatsani mphindi zochepa zoti muzimitse bwino, osati zoti mumalize ulendo wa ku Nairobi. Ofuna kupitiriza kuuluka akufunika inverter ya pure sine wave ndi mabatire okwanira, ndipo kompyuta yokoka 700 W kwa maola atatu yadya kale 2.1 kWh. Itanani wodziwa magetsi aone ngati soketi yanu ili ndi earth yeniyeni, chifukwa surge protector yopanda earth siiteteza mokwanira. M'nyengo ya mvula, ziphaliwali zikayamba, zulani pulagi pamodzi ndi chingwe cha intaneti, popeza mphenzi imalowanso kudzera pamenepo.

Pa intaneti, Microsoft inalemba 10 Mbps pochepetsetsa, 50 Mbps kuti MSFS 2024 iyende bwino, ndi 100 Mbps pa kompyuta yapamwamba. Liwiro likachepa, nyumba zimaoneka zosungunuka ndipo nthaka imachedwa kuyera ngakhale khadi likhale lamphamvu chotani. Imadyanso deta yambiri, kotero ya mabandulo a pafoni siipirira. Mukufunika fibre kapena Starlink yopanda malire a deta, ndipo kompyuta ilumikizidwe ku rauta ndi chingwe, osati Wi-Fi. Kulitsani rolling cache kuti malo omwe mumauluka kawirikawiri asamakokedwe mobwereza. Ngati intaneti yotere kwanu kulibe, X-Plane 12 ndiyo yanzeru, chifukwa mukaitsitsa kamodzi imayenda popanda kukoka dziko, ndipo ndalama zina muziike pa SSD yaikulu. Chisankho chimenechi chichitike musanagule zida, osati mutamanga kale.

Zida zambiri zapamwamba muziitanitsa kuchokera kunja, kawirikawiri ku South Africa, Dubai kapena Britain. Werengeranitu msonkho wolowetsera katundu ndi mtengo wotumizira, sungani malisiti ndi mabokosi, ndipo funsani wogulitsa momwe warranty imagwirira ntchito chida chikachoka m'dziko lake. Ngati n'kotheka purosesa, motherboard ndi RAM zichokere kwa wogulitsa mmodzi amene angaziyese pamodzi asanatumize.

9. Siyani ndalama za zogwirira

Anthu amathera ndalama zonse m'bokosi n'kumaulutsa 737 ndi joystick yotchipa yomwe imanjenjemera pakati. Ndi bwino kutsika kuchoka pa 5090 kupita pa 5080 n'kugula zogwirira zabwino. Kwa ndege za Boeing ndi zing'onozing'ono, yoke ngati Honeycomb Alpha ndi throttle ya Bravo. Kwa Airbus, sidestick ngati Thrustmaster TCA kapena ya WinWing. Kwa DCS ndi ma helikopita, VKB kapena Virpil. Funani zokhala ndi masensa a maginito, monga a Hall effect, chifukwa sakhudzana ndipo satha msanga ngati ma potentiometer, omwe fumbi limawalowa. Ma rudder pedal musawasiye kumapeto kwa mndandanda: kutera mphepo ikuwomba kuchokera m'mbali popanda ma pedal sikuphunzirika bwino.

10. Tsiku loyatsa koyamba

Pa AM5, kuyatsa koyamba kumatha kutenga mphindi zingapo sikirini ili yakuda pamene board ikuphunzira RAM. Musazimitse. Onetsetsani kuti chingwe cha sikirini chalowa pa graphics card, osati pa motherboard. Ikani BIOS yatsopano, yatsani EXPO ndi Resizable BAR, ikani Windows, kenako chipset driver ya AMD musanaike driver ya khadi. Yesani RAM ndi MemTest86 usiku wonse, chifukwa RAM yosakhazikika imagwetsa simulator pa ola lachinayi la ulendo ndipo mudzayamba kuimba mlandu ndege yomwe mwangogula kumene.

Ikani simulator yopanda chowonjezera chilichonse, bwererani ku gawo lachiwiri, ndipo lembani ma millisecond a main thread ndi GPU pa geti imodzi yomwe mwasankha. Kenako onjezerani ndege, bwalo, ndi ndege zina chimodzi pa nthawi, mukuyezanso pamalo omwewo. Kwezani Terrain Level of Detail mpaka main thread ifike pafupi ndi malire omwe mukufuna, kwezani mitambo ndi render scaling mpaka GPU ifike pamenepo, ndipo mutseke fps pa nambala yomwe kompyuta imakwanitsa pa bwalo lolemera, kaya ndi 30, 40 kapena 45. Pa X-Plane musalole kutsika pa 20 fps, chifukwa ikatero imachedwetsa nthawi ya m'simulator ndipo ndege yanu imayamba kuyenda pang'onopang'ono kuposa momwe zida zikuonetsera, zomwe pa VATSIM zimasokoneza oyang'anira ndege ndi onse omwe ali pambuyo panu potera.